MZINDA WALONDOLA NDEKE KUTHENGO

Aliyense amene anakwerapo basi kucokera ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke kupita ku Lusaka adziwa kuti ulendo umayamba kupepuka munthu akaoloka mlatho wa Luangwa ndi kutsiriza mapiri a ku Rufunsa. Basi ikapitirira pa Chongwe, pamene patsala makilomita ngati 45 kuti ifike mumzinda, ana okhala pazenera amayamba kuloza kumwamba. Kumeneko kumaoneka ndeke ilikukwera mitambo, kapena ina ilikutsika pang'ono-pang'ono ndi nyali zake zoyaka ngakhale kuli dzuwa. Wapaulendo amakondwa kuiona, ndipo akabwerera kumudzi amakasimbira anzake.

Koma pali anthu ambiri amene amagona ndi kudzuka pansi pa njira ya ndeke zimenezi masiku onse. Ena mwa iwo ndi ana anu ndi adzukulu anu amene anapita kukafuna nchito m'tauni, nasunga ndalama zaka zambiri, ndipo tsopano agula kapuloti kum'mawa kwa mzinda. Sabata ino tiyendera limodzi dera lozungulira bwalo lalikulu la ndeke la dziko lathu, la Kenneth Kaunda International Airport, kuti tione mmene anthu akhalira ndi phokoso la ndeke, limene a m'makomboni amalicha congo.

BWALO LAKALE

Tisanafike ku bwalo lalikulu tiyenera kuyamba taona lakale. Lusaka anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, ndipo kwa zaka zambiri ndeke zonse zinali kutera pa bwalo laling'ono locedwa City Airport, limene likalipobe kufikira lero pafupi ndi Longacres. Masiku amenewo ndeke zinali zazing'ono ndiponso zowerengeka. Koma mzinda unali kukula, nyumba zinazungulira bwalolo, ndipo ndeke zatsopano za jeti zinafuna mseu wautali wothamangapo umene sukadakwana pamalopo.

Cifukwa ca ici bwalo latsopano linamangidwa kunja kwa mzinda, pamtunda wa makilomita oposa 20 kumpoto cakum'mawa, ndipo linatsegulidwa m'caka ca 1967, patapita zaka 3 cilandirire ufulu. Malowo ali m'boma la Chongwe, m'dziko la Asoli a Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Panthawiyo kunali mapulazi, chire ndi midzi yotalikirana. Anansi ochuka a bwalolo anali a mishoni ya Kasisi, imene Bambo Jules Torrend a gulu la Ajezuiti anaitsegula m'caka ca 1905. Amene anasankha malowo anaganiza bwino: ndeke zikabangula, zibangulire kuthengo.

Bwalo lakale lija linatsala m'manja mwa asilikali a m'mlengalenga a Zambia Air Force. Anthu a ku Longacres ndi ku Kalingalinga akali kumva mahelikopita ndi ndeke zazing'ono zikuuluka pamwamba pa madenga ao. Aliyense wofuna kudziwa mmene bwalo la ndeke limaonekera mzinda ukalimeza, apite akaone pamenepo. Mpanda wa bwalo uli apa, nyumba, maofesi ndi masitolo zili apo.

PA MSEU WA KU BWALO

Pa kalembera wa 1969 mzinda wa Lusaka unali ndi anthu opitirira pang'ono 260,000. Pa kalembera wa 2022 anapezeka kuti apitirira 2 miliyoni. Anthu onsewa afuna pogona, ndipo mbali imodzi imene mzinda wathamangirako kwambiri ndiyo ya kum'mawa, kulondola mseu wa Great East.

Wocokera ku Chongwe amaona zimenezi ndi maso ake. Pa Silverest, pamene kale panali minda ndi ng'ombe, lero pali mizere ya nyumba zamalata, masukulu ndi mipanda ya mabuloko. Akafika pa mphambano yozungulira imene ili pafupi ndi masitolo a Waterfalls, asanalowe mu Chelstone, mseu wa ku bwalo la ndeke umapatukira kudzanja lamanja. Ndi mseu wabwino, wosesedwa, pakuti ndiwo umene alendo a maiko ena amayamba kuona. Koma munthu akasiya phula ndi kulowa m'timiseu tafumbi ta m'mbali, apeza mudzi watsopano ulikumera. Pali milu ya mcenga ndi miyala, pali anyamata oumba mabuloko, pali nyumba zofika pazenera zimene eni ake adikira malipiro a mwezi wamawa kuti apitirize. Dera lina la kumeneko anangolicha Meanwood Ndeke, dzina lonena lokha za mnansi wake.

Kuseri kwa bwalo, ca ku Kasisi, moyo ukali wa kumudzi. Kuli minda ya cimanga, madimba a ndiwo zamasamba, ndi sukulu ya zaulimi ya Kasisi Agricultural Training Centre kumene alimi amaphunzira kulima popanda kudalira fetereza wa m'sitolo. Mlimi ali pakati pa kupalira, mthunzi wa ndeke umadutsa pamunda pake, ndipo iye saweramuka nkomwe. Ng'ombe nazo zimangopitiriza kudya msipu. Mlendo yekha ndiye amaima ndi kuyang'ana kumwamba.

Pabwalo penipeni pasintha kwambiri. M'caka ca 2011 Pulezidenti Michael Sata analipatsa dzina la mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Kenneth Kaunda. Mu August 2021 kunatsegulidwa nyumba yatsopano yolandiriramo apaulendo, yomangidwa kuti izitha kulandira anthu 4 miliyoni pacaka. Apa ndi pamene panatera atsogoleri a maiko obwera ku msonkhano wa maiko osatenga mbali mu 1970 ndi wa Commonwealth mu 1979. Apa panatera Papa Yohane Paulo II mu 1989, ndi a Nelson Mandela mu February 1990 atangoturuka m'ndende. Apa ndi pamene khamu la anthu linakacingamira anyamata a Chipolopolo mu February 2012 atatenga cikho ca Afrika. Palibe Mzambia amene anganene kuti bwaloli ndi lacabe. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope a bwalo la ndeke ndiwo phokoso.

PHOKOSO LIYENDA MOTANI

Mseu umene ndeke zimathamangapo pouluka ndi potera ndi wotalika mamita 3,962, ndiye kuti pafupifupi makilomita 4, ndipo unagona kucokera kumadzulo kuloza kum'mawa. Ici ndi cinthu coyamba cimene wogula malo ayenera kudziwa. Phokoso silizungulira bwalo mofanana ngati madzi a m'citsime iai. Limatambalala kulondola mitu iwiri ya mseuwo, kum'mawa ndi kumadzulo. Munthu wokhala m'mbali mwa bwalo angamve pang'ono cabe, pamene mnzake wokhala kutali koposa iye, koma molunjika ndi mutu wa mseu, amva ndeke iliyonse.

Caciwiri ndi mphepo. Ndeke imauluka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo, monga mmene zicitira mbalame zikuluzikulu. Popeza mphepo ya ku Lusaka imacokera kum'mawa miyezi yambiri ya pacaka, ndeke zambiri zimatsika kucokera kumadzulo, kudzera pamwamba pa madera a kumpoto kwa mzinda, ndipo zonyamuka zimakwera kuloza ca ku Chongwe. Mphepo ikatembenuka, njira nazo zimatembenuka. Ndi cifukwa cake munthu angathe kuona puloti tsiku limodzi napeza kuti kuli zii, koma atasamukirako ndi kudabwa.

Cacitatu ndi katsikidwe kake. Ndeke yofuna kutera siigwa mwadzidzidzi ngati kabawi wogwira mwanapiye. Imatsika motsetsereka, ndipo pa kilomita iliyonse imatsika mamita ngati 50. Conco pamene patsala makilomita 10 imakhala mamita ngati 500 pamwamba pa nthaka, ndipo pamene patsala makilomita 2 imakhala mamita ngati 100 okha, utali wa bwalo limodzi la mpira. Pamenepo woyang'ana kumwamba amaona mawilo ake bwino-bwino. Ikagunda pansi, woyendetsa amatembenuza mphamvu ya mainjini kuti iime msanga, ndipo kubangula kwake kumamveka patali. Yonyamuka ndiyo imasokosa koposa, pakuti imafuna mphamvu zake zonse kuti inyamule katundu, anthu ndi mafuta.

Usiku phokoso limakula. Magalimoto aleka kuyenda, zigayo zatsekedwa, mawailesi azimitsidwa, ndipo palibe cina cophimba mkokomo wa ndeke. M'miyezi yozizira ya June ndi July mpweya wa pafupi ndi nthaka umazizira koposa wa pamwamba, ndipo zimenezi zimabweza mau pansi kuti ayende mtunda wautali. Ndi cifukwa comweco ng'oma ya m'mudzi wa kutsidya imamveka bwino usiku wa m'cisanu.

Tiyenera kunenanso zoona kuti ndeke za masiku ano sizisokosa ngati zakale. Acikulire a ku Chelstone akumbukira ndeke za Boeing 707 ndi BAC One-Eleven za kampani yakale ya Zambia Airways, zimene zinali kugwedeza mazenera ndi kusiya utsi wakuda kumbuyo. Mainjini ake anali opapatiza, oturutsa mpweya wotentha mwaliwiro lalikulu, ndipo kuombana kwa mpweyawo ndi mpweya wa kunja ndiko kunali kubala mkokomo. Ndeke yaikulu ya DC-10 yocedwa Nkwazi, imene inabwera mu 1984, inali kale ndi mainjini a mtundu watsopano, a kukamwa kwakukulu, okankha mpweya wambiri koma mosathamangitsa. Kampaniyo inagwa mu December 1994, ndipo dzina lake linaukanso mu December 2021 mogwirizana ndi Ethiopian Airlines. Ndeke zikuluzikulu zimene zimatera lero, monga za Ethiopian Airlines, Kenya Airways ndi Emirates, zonse zili ndi mainjini a mtundu wofatsa umenewu.

ZIMENE LIMACITA KWA MUNTHU

Akatswiri amayesa kukula kwa phokoso ndi muyeso wocedwa desibelo. Anthu awiri oceza pakhonde amafika madesibelo ngati 60. Muyeso ukakwera ndi 10, khutu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri. Munthu wogwira nchito maola 8 tsiku ndi tsiku pamalo a madesibelo 85 kapena kuposa amayamba kugontha pang'ono-pang'ono, ndipo ndi cifukwa cake anchito a pabwalo amene amaima pafupi ndi ndeke amavala zotseka m'makutu.

Wokhala kunja kwa mpanda sagontha kawirikawiri. Cimene cimaonongeka kwa iye ndi tulo. Anthu amati tinazolowera, ndipo ndi zoona kuti mtima umaleka kudzidzimuka. Koma madokotala apeza kuti thupi la munthu wogona limamvabe: mtima umagunda msanga ndeke ikamadutsa ngakhale mwini wake sadzuka, ndipo tulo take timakhala tosakhutitsa. Zikapitirira zaka zambiri zimathandizira matenda a kuthamanga kwa magazi ndi a mtima. M'caka ca 2018 bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO, polangiza maiko a ku Ulaya, linati phokoso la ndeke pamalo okhala anthu, poliwerengera pamodzi usana ndi usiku, lisamapitirire madesibelo 45, ndipo la usiku lisamapitirire 40.

Ana a sukulu ndiwo amalipira mtengo waukulu. Ndeke ikamadutsa mphunzitsi amaleka kulankhula, ndipo ikapita amayamba wasonkhanitsanso maganizo a ana. Umboni womveka bwino unacokera ku mzinda wa Munich m'dziko la Germany, kumene mu 1992 anatseka bwalo lakale ndi kutsegula latsopano kwina. Akatswiri anayesa ana a mbali zonse ziwiri bwalo lisanasamuke ndiponso litasamuka. Ana okhala pafupi ndi bwalo lotsekedwa anayamba kucita bwino pa kuwerenga ndi kukumbukira, pamene a pafupi ndi bwalo latsopano anabwerera m'mbuyo. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2005, wa ana a pafupi ndi mabwalo a London, Amsterdam ndi Madrid, anapezanso kuti phokoso la ndeke limacedwetsa mwana kumvetsa zimene awerenga.

NTHAWI IKALIPO

Tisakuze nkhani koposa msinkhu wake. Lusaka si London. Pa bwalo la Heathrow pamatera ndi kunyamuka ndeke zoposa 1,000 tsiku lililonse, pamene kwathu kuno pamapita nthawi yaitali kumwamba kuli cete, nkhunda zikumveka kulira m'mitengo. Koma nyumba yolandirira anthu 4 miliyoni sinamangidwe kuti ikhale yopanda anthu. Boma lifuna kuti alendo oona nyama acuruke, kuti maluwa ndi ndiwo zamasamba za alimi athu zipite ku misika ya kunja, ndi kuti Lusaka akhale mphambano ya ndeke za m'cigawo cino ca Afrika. Zonsezi zikatheka, ndeke zidzacuruka, ndipo zidzapeza nyumba zimene zilikumangidwa lero zili pomwepo.

Bungwe la maiko onse loona za maulendo a ndeke, la ICAO, limene likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada, linagwirizana mu 2001 za njira 4 zolimbanira ndi phokoso. Yoyamba ndi kupanga ndeke zofatsa. Yaciwiri ndi kukonza bwino kagawidwe ka malo ozungulira bwalo. Yacitatu ndi kusintha kaulukidwe, monga kukwera msanga kapena kulambalala pamene pali nyumba zambiri. Yacinai, imene imabwera zina zikalephera, ndi kuletsa ndeke nthawi zina, monga acitira ku Frankfurt kumene kuyambira 2011 ndeke siziloledwa kuuluka pakati pa 23 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa.

Pa njira zimenezi, yoyamba ili m'manja mwa opanga ndeke a maiko akutali. Yomaliza ndi yowawa kwa dziko longa lathu limene lifuna kukopa ndeke kuti zibwere. Yaciwiri ndiyo yochipa, ndiponso ili m'manja mwathu. Pansi pa njira ya ndeke pangakhale minda, msipu, mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu. Masukulu, zipatala ndi nyumba zogona ziyenera kupita kwina. Zikalephereka, mapeto ake tawaona kale ku Ndola, kumene bwalo lakale linapanikizika ndi nyumba, ndipo mu 2021 kunatsegulidwa latsopano la Simon Mwansa Kapwepwe kunja kwa mzinda ndi ndalama zambiri za dziko.

MAU KWA OGULA NDI OGAWA MALO

Inu makolo, mwana akakulemberani kapena kukuimbirani foni kuti wapeza puloti yochipa pafupi ndi bwalo la ndeke, muuzeni asafulumire kulipira. Safunsa anadya phula. Ayambe wapita pamalopo m'mawa, madzulo ndi usiku, masiku osiyana-siyana, aime ndi kumvetsera. Aone kumene ndeke zidzera. Afunse amene anayamba kukhalako. Apite ku khonsolo akafunse ngati malowo ndi ololedwa kumangapo nyumba zogona, ndiponso ngati sali mkati mwa malire a bwalo, amene ali m'manja mwa kampani ya Boma ya Zambia Airports Corporation. Womanga m'malo a bwalo angadzaone nyumba yake ikugwetsedwa, thukuta la zaka zambiri ndi kupita pacabe.

Amene anamanga kale angacepetseko vuto. Denga lamalata lopanda siling'i limalowetsa phokoso lonse, koma siling'i ndi mazenera otsekeka bwino zimathandiza, makamaka m'cipinda cogona ana. Mitengo ipatsa mthunzi ndi kuchinga fumbi, koma siitha kutsekereza mau ocokera kumwamba. Ndipo mnansi wa bwalo ali ndi udindo wakenso. Dzala la zinyalala limaitana akhwangwala ndi mbalame zina, ndipo mbalame imodzi yolowa mu injini ingaike miyoyo ya anthu ambiri pangozi. Utsi wa lupsa umaphimba maso a woyendetsa ndeke pamene afuna kuona mseu. Ziweto zisamalowe mumpanda, ndipo waya wa mpandawo asamadulidwe.

Mau otsiriza apite kwa mafumu, manduna ndi makhansala. Lamulo la malo la 1995 linati malo a mwambo sangasanduke a pepala la umwini popanda cilolezo ca mfumu ndi khonsolo, ndipo lamulo la 2015 la kakonzedwe ka mizinda ndi madera linapatsa makhonsolo nchito yokonza mapulani a malo ao. Mphamvu imeneyi siili ku Chongwe kokha. Kum'mawa kuli bwalo la Mfuwe m'boma la Mambwe, kumene kumatera alendo opita ku nkhalango ya South Luangwa, ndiponso kuli bwalo la Chipata. Lero ndi mabwalo a ndeke zowerengeka, ozungulidwa ndi midzi ndi minda, monga momwe linaliri la Lusaka mu 1967. M'mera mpoyamba. Mfumu imene ikana lero kugawa mapuloti kumutu kwa mseu wa ndeke ingadandaulidwe ndi anthu ake caka cino, koma ana a sukulu a m'mudzimo adzaphunzira mwamtendere zaka 30 zikudzazo.